Puleni yakale ya dzimbiri kapena yatsopano yonyezimira?

Wowerenga wina wa ku Zomba, amene wangoyamba kumene ukalipentala, wanditumizira imelo. Akuti pamsika wapeza puleni yopalira matabwa ya Record nambala 4 yadzimbiri, chogwirira chakumbuyo chili chothyoka, koma wogulitsa akutchula mtengo wofanana ndi wa puleni yatsopano ya m'sitolo. Agule iti? Akufunsanso ngati puleni ya Stanley nambala 5 ya malemu bambo ake, yomwe inang'aluka m'mbali, ingagwirenso ntchito.

Achimwene, tengani Record ija, bola thupi lake likhale lopanda mng'alu. Mapuleni a Record anayamba kupangidwa mu 1931 ndi kampani ya C & J Hampton ku Sheffield, England, potengera kapangidwe ka Leonard Bailey, komwe kampani ya Stanley ya ku America inagula mu 1869. Akale aja ankawasula mosamala: zitsulo zake zimakhalana bwino, mpeni sugwedera, ndipo ukaunola umatenga nthawi usanabunthe. Atsopano otchipa ambiri amanyezimira kunja, koma pansi pake m'popindika ndipo mpeni wake ndi wofewa. Mukapala nawo mlombwa kapena mbawa mudzakhalira kunola tsiku lonse.

Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa kuti muimasule. Pukutani thupi lonse ndi kansanza, muyang'anitsitse mozungulira kamwa yomwe mpeni umatulukira, chifukwa puleni ikagwa pa simenti imakonda kung'aluka pamenepo. Thupi limeneli ndi chitsulo chothira m'chikombole, chimasweka m'malo mopindika, ndipo owotcherera akachitenthetsa chimapotoka. Mng'alu wofika pakamwa mukauona, isiyeni. Onaninso kuti masikuluwu onse alipo ndipo kagudumu ka mkuwa kokwezera ndi kutsitsira mpeni kakuzungulira. Apa ndikutsindika, chifukwa mano a masikuluwu a mapuleni amenewa sagwirizana ndi a masikuluwu wamba a ku hadiweya, ndiye imodzi ikasowa mudzavutika kuipeza. Chomaliza ndi kumbuyo kwa mpeni, mbali yosalala ija. Ngati dzimbiri linakumba timaenje pafupi ndi nsonga yake yakuthwa, mpeniwo uzisiya mizere pathabwa ngakhale muunole chotani, mpaka mutaupera kudutsa timaenjeto.

Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni. Vikani zitsulo mu viniga usiku umodzi, mutsuke ndi madzi a soda, muumitse msanga n'kupaka mafuta. Chogwirira inu ndinu kalipentala, musema china kuchokera ku kachidutswa ka mtengo wolimba.

Ntchito yeniyeni ili pansi pa puleni ndi pa mpeni. Matani sandipepa pa galasi lokhuthala, lembani mizere ndi cholembera cha maka pansi pa puleni, kenako ikhuzeni mpeni uli momwemo koma mutaubweza m'kati. Mizere ikafufutika kutsogolo, mozungulira kamwa ndi kumbuyo, basi, zakwana. Ambiri amataya masiku kufuna kuti pansi ponse pawale, zomwe thabwa silifuna n'komwe. Mpeni muupere pa madigiri 25, kenako munole kansonga pa madigiri 30, ndipo kumbuyo kwake kugone chogona pamwala wonolera mpaka kusalale. Chitsulo chachiwiri chomwe chimamangidwa pamwamba pa mpeni chikhale pafupifupi milimita imodzi kuchokera kunsonga, ndipo chigwirane ndi mpeni popanda kampata. Pakakhala kampata zopalidwa zimalowamo, puleni n'kutsamwa, munthu n'kumaganiza kuti anagula chinthu chakutha.

Tsono ya bambo anu ija musaitaye. Ngati mng'alu uli m'mbali chakumtunda ndipo sunatsike kufika pakamwa, boolani kabowo kakang'ono pomwe mng'aluwo wathera kuti usapitirire. Mukatero nolani mpeni wake mokhota pang'ono ngati uta, muisandutse puleni yoyambira pa matabwa okhakhala ochokera kwa ocheka. Ntchito imeneyo sifuna kuti pansi pakhale powongoka kwenikweni, ndipo nambala 5, pokhala ya mainchesi 14, imachotsa mabampu msanga. Record nambala 4 izibwera pambuyo kudzasalaza. Ngati mng'alu unafika pakamwa, ndiye ikhale yopatsa zipangizo: nambala 4 ndi nambala 5 zonse mpeni wake ndi wa mainchesi 2 m'lifupi, choncho mpeni wa bambo anu, chitsulo chachiwiri ndi chopanira chake zikhoza kulowa mu Record yanuyo.