Kunena odi pa wailesi: yankho kwa dalaivala wa lole wa ku Nottingham

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku Nottingham ndipo amayendetsa lole. Wakhala ndi wailesi ya CB (Citizens' Band, yomwe madalaivala amalankhulirana pamsewu) m'galimoto yake kwa zaka zingapo, ndipo posachedwapa wakhoza mayeso a Foundation, omwe ndi gawo loyamba la wailesi ya amateur (ya anthu olankhulana pa wailesi mongokonda), n'kulandira laisensi ya Ofcom, bungwe loyang'anira za mawailesi kuno ku Britain, pamodzi ndi dzina la pa wailesi loyamba ndi M7. Madzulo ena anamva abambo atatu akucheza pa repeater ya m'dera lake (makina olandira mawu n'kuwaulutsanso kuti afike patali), ndipo pofuna kulowa nawo anadina batani n'kunena kuti "break, break" monga anazolowerera pa CB. Onse anangoti zii, mmodzi n'kumufunsa kuti ngozi yachitikira pati, ndipo atayankha kuti amangofuna kupereka moni, anamuuza mosanyengerera kuti asadzachitenso. Chichokereni tsiku limenelo wailesiyo amangoimvetsera, ndipo akufunsa kuti munthu amalowa bwanji m'macheza a eni ake popanda kuoneka wamwano.

Achimwene, musataye mtima, chifukwa cholakwa chanucho n'chaching'ono ndipo ambiri ochokera ku CB anagwapo m'dzenje lomwelo. Koma ndisanakuuzeni mawu oti muzinena, ndiyambe ndi chifukwa chake mwambowu ulipo, pakuti mukachimvetsa chimenecho zotsalazo mudzazidziwa nokha.

Pa foni anthu awiri angathe kulankhula nthawi imodzi n'kumamvanabe. Pa wailesi zathuzi sizitheka: mukadina batani la maikolofoni, wailesi yanu imaleka kumva, ndipo simungadziwe ngati mnzanu nayenso wayamba kulankhula. Pa FM, yomwe mumagwiritsa ntchito pa repeater komanso pa matchanelo ambiri a CB kuno ku Britain, awiri akalankhula pamodzi wamphamvuyo amamumeza wofookayo kotheratu, ndipo mphamvu zawo zikafanana omvera amangomva kulira ndi phokoso. Ndiye kuti munthu wolowa pa nthawi yolakwika amafafaniza mawu a mnzake iye mwini osadziwa, ndipo kawirikawiri wofafanizidwayo ndi uja ali kutali ndi kawailesi ka m'manja. Mwambo wonse wa pa wailesi unamera pa mfundo imeneyi, yakuti njira ndi imodzi ndipo oyendamo ndi ambiri.

Ife a kwathu tili ndi mwayi, chifukwa khalidwe lofunikalo tinakula nalo. Ukafika pakhomo pa munthu n'kupeza akuluakulu ali pa nkhani, umaima chapatali, umanena odi kamodzi, n'kudikira kuti akuyankhe ndi kukupatsa mpando. Sufuula odi kasanu, ndipo suyamba kufotokoza za ulendo wako usanafunsidwe. Pa wailesi ya amateur, odi wanu ndi dzina lanu la pa wailesi, lija amati callsign, ndipo palibe chowonjezera.

Yambani ndi kumvetsera kwa mphindi zingapo, cholembera chili m'manja ngati simuli pa chiwongolero. Ine mpaka lero ndimasunga kope pambali pa wailesi, ndipo ndikamva gulu likucheza ndimalemba maina awo motsatana m'mene akupatsirana mpata, chifukwa magulu ambiri amalankhula mozungulira ndipo aliyense akamaliza amatchula amene akumusiyira. Kumvetserako kumakuuzaninso ngati macheza ake ndi olowamo. Anthu awiri amene akuthandizana kukonza eriyo, wina ali padenga wina akuwerenga mita, sakufuna moni wa mlendo pa nthawi imeneyo. Koma atatu amene akukambirana za nyengo ndi za magalimoto nthawi zambiri amakondwera kumva mawu achilendo.

Mukaona kuti n'koyenera, dikirani kuti wolankhulayo amalize ndi kusiya batani. Pa kampata kamene kamakhalapo mnzake asanayambe, dinani batani lanu, mudikire pang'ono kuti repeater itseguke, kenaka mutchule dzina lanu la pa wailesi kamodzi, momveka bwino, pogwiritsa ntchito mawu otchulira zilembo aja a Alfa, Bravo, Charlie, ndipo musiye batanilo. Kudikira pang'onoko n'kofunika, chifukwa ambiri amayamba kulankhula chala chisanafike pansi, ndipo chilembo choyamba chimadulidwa. Mukatero khalani chete. Wolandira mpatayo angathe kunena kuti wakumvani koma n'kuyamba wamaliza kuyankha zomwe anafunsidwa, ndipo zimenezo si chipongwe. Apa m'pamene anthu ambiri amalephera, chifukwa mtima umathamanga ndipo amaitananso kachiwiri ndi kachitatu pamwamba pa eni ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi ziwiri zodikira pa wailesi zimaoneka ngati ola.

Akakupatsani mpata, mawu anu oyamba akhale ochepa: thokozani, tchulani dzina lanu loyamba ndi dera limene muli, nenani chimene chakukokani pa nkhani yawoyo, kenaka mubweze mpatawo kwa munthu amene anali wotsatira pa mzere, mukumutchula dzina lake la pa wailesi. Kungosiya batani osatchula munthu kumachititsa kuti awiri ayambire pamodzi, ndipo chisokonezo chakecho amachiwerengera kwa inu. Musachite manyazi kunena kuti laisensi yanu ndi yatsopano. M'zaka zonse zimene ndakhala pa wailesi, ndaona kuti mawu amenewo amafewetsa ngakhale nkhalamba zouma mtima, chifukwa aliyense amakumbukira m'mene dzanja linkanjenjemerera tsiku lake loyamba.

Tsopano za mawu aja anakubweretserani mavutowa. Pakati pa anthu ambiri a amateur, "break" akabwerezedwa amatanthauza kuti pali ngozi kapena uthenga wosadikira, ndipo wakumva aliyense ayenera kusiya zonse n'kupereka njira. Abambo aja atangoti zii, anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino, ngakhale kuti kudzudzula kwawo kukanatha kukhala kofatsa. Alipo ena amene amanena mawuwa kamodzi polowa m'macheza ndipo palibe amawaletsa, koma dzina la pa wailesi limaposa, chifukwa limauza gulu kuti mlendoyo ndani, pomwe "break" amangowauza kuti pali wina pakhomo.

Kumbukiraninso kuti repeater ndi chitsime cha mudzi wonse. Zambiri mwa zimene maina awo amayamba ndi GB3 zimasamalidwa ndi magulu a anthu ongodzipereka, amene amasonkha ndalama za magetsi ndi za malo a mlongoti. Zili ndi wotchi imene imadula munthu akalankhula motalika, ndipo zambiri zimaliza kabelu kapena chilembo K cha Morse wina akamaliza kulankhula. Dikirani kabeluko musanayankhe, ndipo muwonjezerepo masekondi awiri kapena atatu, pakuti mpata umenewo ndi khomo limene inu munkafuna kulowera, ndipo mukakhala m'kati ndi udindo wanu kulisiya lotsegula. Ngati inu ndi mnzanu mukumvana bwino popanda repeater, samukirani pa frequency ina yopanda anthu. Chimodzimodzinso pa 145.500 MHz, pomwe ndi poitanirana pa bandi ya mamita awiri: mukapezana, chokanipo mukacheze kwina. Ndipo mukapeza msonkhano wa pa wailesi wokhala ndi wotsogolera, uja amati net, musalowe mpaka iye ataitana ofuna kulowa, ndipo mawu anu onse azidzera mwa iyeyo.

Pa mabandi a HF, amene amafika maiko akutali, pali msampha wina umene ine ndinagwamo. Chaka changa choyamba, pa bandi ya mamita 20, ndinapeza malo amene ndinkaona ngati ndi opanda munthu ndipo ndinayamba kuitana CQ, kutanthauza kuitana aliyense amene akundimva. Nditasiya batani ndinamva mawu a munthu wa ku Italy, amphamvu ngati ali m'chipinda momwemo, akundipempha kuti ndisunthe chifukwa ankalankhula ndi munthu wina wa kuno ku Britain. Mnzakeyo sindinkamumva n'komwe, pakuti mafunde a pa bandi imeneyo amakwera kumwamba n'kukagwera kutali, kudumpha amene ali pafupi. Zinandipweteka mtima podziwa kuti ndawononga macheza a anthu osalakwa, ndipo kuyambira pamenepo sindiitana ndisanamvetsere kwa kanthawi ndi kufunsa kawiri ngati malowo ali ndi eni ake. Pa Morse funso limeneli ndi QRL, limodzi mwa zidule za Q zimene zinayamba kugwira ntchito pa wailesi za m'sitima zapamadzi nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Mukauzidwa kuti alipo, pepesani mwachidule n'kusuntha makilohetsi osachepera atatu, chifukwa mawu a SSB, njira yolankhulira yofala pa HF, amatenga malo pafupifupi otero.

Mudzakumananso ndi chigulu cha anthu chikuitana munthu mmodzi wa dziko losamveka kawirikawiri pa wailesi. Pamenepo palibe macheza oti mulowemo: mumatchula dzina lanu lonse kamodzi, akakuyankhani mumapatsana lipoti la m'mene mukumvanirana, n'kupereka mpata kwa ena. Akanena kuti "up five", ndiye kuti akumvetsera makilohetsi asanu pamwamba pa pomwe akulankhulira, ndipo kuitanira pa frequency yakeyo n'kutsekereza dziko lonse kuti lisamumve. Akatchula zilembo zimene mulibe m'dzina lanu, khalani chete. Zimenezi muzisunge bwino, chifukwa maina a ku Malawi amayamba ndi 7Q ndipo samveka kawirikawiri pa mabandi. Tsiku lina mukadzapita kumudzi mutatenga chilolezo cha MACRA, woitanidwa ndi chigulucho mudzakhala inuyo, ndipo mudzalakalaka oitanawo atakhala a mwambo.

Za CB sindichulukitsa, popeza mukuidziwa. CB ya pa 27 MHz inayamba ku America mu 1958, inaloledwa kuno pa 2 November 1981 ndi matchanelo 40 a FM, ndipo kuyambira mu December 2006 sifunikanso laisensi. Kumeneko "breaker" ndi mawu a tsiku ndi tsiku, anthu amadziwana ndi maina odzipatsa okha, ndipo wofuna kulowa amanena kuti "on the side" pa kampata n'kudikira kuti amuitane. Mawu ndi osiyana koma khalidwe ndi lomwe lija. Tchanelo 19 ndi ya oyenda pamsewu, choncho funso la za msewu wa M1 likayankhidwa, macheza aatali mupite nawo pa tchanelo ina, ndipo tchanelo 9 muisiyire ngozi ngakhale ikumveka yopanda munthu. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musasakanize zinenero ziwirizi. "Ten-four" (kutanthauza "ndamva") ndi dzina lanu la pa CB zitsale m'lole, monganso simungapite pa tchanelo 19 n'kumakalankhula ngati muli m'kalasi ya mayeso. Sindigwirizana ndi anthu a amateur amene amanyoza a CB, chifukwa ena mwa akatswiri amene ndimawalemekeza anayambira komweko.

Mukaitana kamodzi osayankhidwa, yesaninso pa mpata wotsatira, chifukwa mwina mawu anu sanafike bwino pa repeater. Mukayesa kawiri kapena katatu popanda yankho, asiyeni osakwiya ndipo osadina batani pamwamba pawo, pakuti kusokoneza ena mwadala n'kuphwanya malamulo a laisensi yanu. Ndipo mukadzakumana ndi Mmalawi mnzanu pa gulu, moni wa Chichewa ndi wabwino, koma nkhani yaitali m'chilankhulo chimene ena pagulupo sakuchimva ndi bwino kukaichitira pa frequency ina.

Pa repeater ija mubwerereko sabata ino, nthawi yomwe ija, chifukwa magulu otere amakumana pa ola lodziwika. Lembani maina atatuwo m'kope, dikirani kabelu, tchulani dzina lanu kamodzi. Akakulandirani, auzeni kuti ndinu uja munanena "break" tsiku lija, kuti munachokera ku CB ndipo tsopano mwadziwa tanthauzo lake. Kenaka mufunse mmodzi wa iwo kuti mawu anu akumveka bwanji kuchokera kumene muliko, ndipo mundilemberenso kuti anakuyankhani zotani.