Kaputeni John Parker wa ku Lexington: banja lake ndi usilikali wake

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale ku sekondale wandilembera kalata yofunsa motere: "Kodi John Parker, amene anatsogolera anthu a ku Lexington pa tsiku limene nkhondo yomenyera ufulu wa America inayamba, anali msilikali wophunzitsidwa? Nanga anachokera m'banja lotani kuti alimi anzake amumvere pamaso pa asilikali a mfumu?"

Aphunzitsi, ndiyambira pa funso lanu lachiwiri, chifukwa mphamvu zonse za munthuyu zinali m'banja ndi m'mudzi mwake. Kholo lake, Thomas Parker, anachoka ku England mu 1635 n'kukakhazikika ku Massachusetts, chigawo cha ku America chimene chinali pansi pa mfumu ya England, poyamba ku Lynn kenako ku Reading, kumene anali dikoni wa mpingo. Agogo ake a kaputeniyu, amenenso dzina lawo linali John, anasamukira ku Lexington, mudzi wa pafupi ndi Boston, mu 1712. Choncho pamene John Parker ankabadwa pa 13 Julayi 1729, kwa Josiah Parker ndi Anna Stone, banjali linali litakhala m'dzikolo zaka pafupifupi 100. Iye anali mlimi komanso mmisiri wa matabwa, ndipo mu 1755 anakwatira Lydia Moore, amene anabereka naye ana 7.

Gulu limene ankatsogolera silinali la asilikali olembedwa ntchito. Lamulo la ku Massachusetts linkafuna kuti mwamuna aliyense wazaka 16 mpaka 60 akhale ndi mfuti, wonga ndi zipolopolo, ndiponso kuti azipita kukachita perete pa masiku oikika. Kumapeto kwa 1774, msonkhano wa nthumwi za chigawocho, umene unali utasiya kumvera bwanamkubwa Thomas Gage, unalangiza kuti magulu amenewa azisankha okha atsogoleri awo. Ukaputeni wa Parker unachokera m'manja mwa anansi ake, osati kwa mfumu ku London. M'mudzi wa anthu osakwana 1,000, mmene mabanja a Parker, Munroe, Harrington ndi Reed anali atakwatirana kwa mibadwo ingapo, kaputeni ankalamula abale, alamu ndi ana a anzake, anthu amene ankakhala nawo m'tchalitchi chimodzi Lamlungu lililonse.

Pa funso loyamba lija m'pofunika kusamala. Mabuku ambiri amanena kuti Parker anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Afalansa, kuti anali ku Louisbourg mu 1758 ndi ku Quebec mu 1759. Nkhani imeneyi inafika kwa ife kudzera m'zokamba za a m'banja, patapita zaka zambiri mwiniwake atamwalira, ndipo ine ndingakulangizeni kuti m'kalasi muziitchula monga mbiri ya pabanja, osati monga chinthu chimene makaundula a asilikali amachitira umboni.

Zimene zinachitika pa 19 Epulo 1775 zili ndi umboni wokwanira. Asilikali a Britain pafupifupi 700, motsogozedwa ndi Francis Smith, ananyamuka usiku ku Boston kupita ku Concord kukawononga zida zimene anthu a m'chigawocho anabisa kumeneko, ndipo msewu wawo unkadutsa pa Lexington. Mthenga Paul Revere anafika ndi chenjezo cha m'ma 12 koloko usiku kunyumba ya m'busa Jonas Clarke, kumene John Hancock ndi Samuel Adams, atsogoleri a anthu otsutsa ulamuliro wa Britain, ankagona. Parker anasonkhanitsa anthu ake pabwalo la mudzi, koma ataona kuti mdani sakuoneka anawabalalitsa, nawauza kuti abwerere akamva ng'oma. Ena anapita kwawo, ena anakadikira m'nyumba ya alendo ya Buckman imene inali pafupi. Kutangoyamba kucha, mnyamata William Diamond anaimba ng'oma ija, ndipo amuna pafupifupi 77 anafola m'mizere iwiri, aliyense ndi gogodera wake. Kaputeni wawo pa nthawiyi n'kuti akudwala chifuwa chachikulu.

Pa mwala umene uli pabwalopo lero panalembedwa mawu amene amati Parker ananena: kuti anthu ake asasunthe, asawombere pokhapokha atawomberedwa, koma ngati adaniwo akufuna nkhondo, iyambire pomwepo. Mawuwa anakumbukiridwa patapita zaka makumi angapo. Umboni wolumbirira umene Parker mwiniwake anapereka pa 25 Epulo, patangopita masiku 6, ukusonyeza munthu wina. Iye anati gululo linagwirizana kuti lisaputane ndi asilikali a mfumu, ndipo atawaona akubwera mothamanga analamula anthu ake kuti abalalike ndiponso asawombere. N'zoona kuti umboniwu unatengedwa ndi cholinga chosonyeza dziko kuti a Britain ndiwo anayamba, choncho nawonso uyenera kuwerengedwa ndi maso awiri. Komabe kwa ine ukumveka bwino kuposa mawu a pamwala aja, chifukwa munthu amene waimika abale ake 77 kutsogolo kwa asilikali mazanamazana saganiza za mawu oti adzalembedwe m'mabuku, amaganiza za akazi amasiye amene adzakumana nawo m'tchalitchi.

Mfuti yoyamba italira, asilikali a Britain amene ankatsogozedwa ndi Major John Pitcairn anawombera popanda kudikira lamulo. Anthu 8 anafa ndipo 10 anavulala. Mmodzi mwa akufawo anali Jonas Parker, mbale wa kaputeni, amene anavulazidwa ndi chipolopolo kenako n'kubayidwa ndi mpeni wa kumfuti pamalo pomwe anaima. Pakati pa ovulala panali Prince Estabrook, munthu wakuda amene anali kapolo ku Lexington komweko.

Masana a tsiku lomwelo Parker anasonkhanitsanso otsala n'kukabisala nawo pachitunda cha m'mbali mwa msewu, kumalire a Lexington ndi Lincoln, ndipo anawombera asilikali a Britain pamene ankabwerera kuchokera ku Concord. Malowo mpaka pano amatchedwa Parker's Revenge, kutanthauza kubwezera kwa Parker. M'miyezi yotsatira anatsogolera ena mwa anthu ake ku Cambridge kukathandiza kuzinga Boston, koma matenda anam'kulira, ndipo anamwalira pa 17 Sepitembala 1775 ali ndi zaka 46, ufulu wa America usanalengezedwe. Palibe chithunzi chake chimene chinajambulidwa ali moyo, kotero kuti chiboliboli cha mu 1900 chimene Henry Hudson Kitson anapanga ku Lexington, chimene alendo amachitchula dzina lake, nkhope yake ndi yongopeka.

Zambiri zimene zimanenedwa za iye zinafala chifukwa cha mdzukulu wake, Theodore Parker, m'busa wa ku Boston amene anabadwa mu 1810 ndipo anali mmodzi wa anthu olimbana kwambiri ndi ukapolo. Mu 1850 anabisa m'nyumba mwake Ellen Craft, amene anathawa ukapolo ku Georgia, ngakhale kuti lamulo la chaka chimenecho linkafuna kuti othawa onse abwezedwe kwa eni ake. Iyeyu ndiye anasunga mfuti ziwiri za agogo ake, imodzi imene anagwiritsa ntchito pa tsiku lija ndi ina yolandidwa kwa msilikali wa Britain, ndipo atamwalira mu 1860 zinaperekedwa ku boma la Massachusetts monga mwa wilo yake.