Añejo samwera mchere ndi ndimu

Achimwene, mwafunsa ngati tequila (mowa waukali wa ku Mexico) wa mtundu wa añejo amamwera mchere ndi ndimu. Ayi ndithu, zimenezo n'zobisira ukali wa tequila wotchipa. Añejo amakhala m'migolo ya matabwa a mtengo wa oak chaka 1 mpaka 3, ambiri ku Jalisco, Mexico. Akapitirira apo ndi extra añejo. Pabotolo palembedwe "100% agave" (agave ndi chomera chomwe amapangira tequila).

Thirani mamililita 30 m'tambula yopapatiza kukamwa. Ayezi ayi, kuzizira kumapha fungo. Dikirani mphindi 10. Ponunkhiza musalowetse mphuno m'kati, mowawo umaotcha. Nunkhizani chapatali, kukamwa kuli kotsegula pang'ono.

Kumwa koyamba n'kongozoloweretsa lilime. Kachiwiri m'pamene mumamva vanila, caramel ndi agave wophika. Akamatsekemera ngati manyuchi, mwina anathiramo zotsekemeretsa, poti malamulo a ku Mexico amalola zowonjezera mpaka 1 peresenti.