Achemwali, ndalamazo musazipereke kwa munthu ameneyo

Achemwali, mwafunsa pagulu pano zoti muchite ndi ndalama zimene mwasunga. Ndisanafike pa za masheya zimene anzathu ena akukuuzani, ndikupempheni kuti K800,000 imene mwasungayo musaipereke kwa mnzanu wa kuntchito amene akukulonjezani 25 peresenti pa mwezi, ngakhale atakuonetsani mauthenga a pa foni osonyeza kuti anthu ena akulandira. Mauthenga oterowo ine ndinawaona, ndipo ndalama zoyamba ndinalandiradi, n'chifukwa chake ndawerenga funso lanu mtima ukugunda kwambiri.

Amuna anga atamwalira mu 2022, ndalama za penshoni ndi za inshuwalansi ya kuntchito kwawo zinatuluka kumayambiriro kwa 2023, zonse pamodzi K5 miliyoni. Woyamba kudziwa kuti zatuluka anali mkulu wina wa mpingo wathu, amene anayendetsa mwambo wa maliro, amene ankabwera kunyumba kudzapemphera ndi ana, ndiponso amene anandiperekeza pokasaina zikalata. Iyeyo ndiye anandiuza kuti mayi wamasiye sayenera kusiya ndalama zikungogona ku banki, kuti pali anyamata ophunzira amene amagula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa intaneti n'kumapereka 30 peresenti mwezi uliwonse, ndiponso kuti iye mwini anaikako ndalama zomangira nyumba yake. Ofesi ya anyamatawo inali m'chipinda cham'mwamba pa nyumba ina m'tauni ya Lilongwe, ndipo munali makompyuta, kapeti ndi mtsikana wolandira alendo wovala yunifomu. M'mwezi wa Marichi ndinapereka K3.5 miliyoni. Miyezi yoyambirira phindu linkalowa pa foni pa tsiku lenileni limene analonjeza, ndipo likangolowa mkuluyo ankandiimbira n'kunena kuti, "Mayi, musadye mbewu, bwezeraniko kuti mpamba ukule." Ndinkabwezera zonse, kupatula zochepa zogulira chakudya cha ana.

Unali mwezi wa Seputembala, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, pamene ndinapita kukatapa fizi ya mwana wanga woyamba, amene anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Sutikesi, matiresi ndi ndowa ndinali nditatenga kale pa ngongole kwa mayi wina wa mumsika, nditamulonjeza kuti ndimulipira madzulo a tsiku lomwelo. Mwanayo ndinamutenga, chifukwa ndinkafuna kuti tikalandira ndalamazo tipite limodzi kukayesa nsapato. Titatsika minibasi ndinaona anthu atadzaza pa masitepe a nyumba ija mpaka panja, ndipo ndinaganiza kuti ndi mzere wa olandira. Nditadzipanikiza n'kufika pamwamba ndinapeza chitseko chili ndi loko watsopano, chikwangwani atachizula, patangotsala mabowo a misomali, ndipo nditasuzumira pa galasi munalibe kompyuta ngakhale imodzi, munali mapepala okhaokha atamwazikana pansi ndi mpando wothyoka mwendo. Mlonda, amene anali atatopa ndi kuyankha funso limodzimodzi, anati anthuwo anapakira katundu pa lole usiku wa Loweruka ndipo ngakhale lendi anachoka osalipira. Bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, anali atakhala pa masitepe atagwira envulopu ya malisiti, akungobwereza kuti anagulitsa ng'ombe zake zonse. Mayi wina ankakuwa kuti ndalama zimene anabweretsa zinali za banki m'khonde ya amayi a kudera kwawo, ndipo sakudziwa kuti akawauza chiyani. Ine ndinaimba manambala onse amene anali pa lisiti, manja akunjenjemera mpaka foni inagwa pansi, ndipo onse anali ozimitsa. Mwana wanga anaitola foniyo, anaipukuta ndi siketi yake, n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Amayi, ndiye kuti kusukulu sindipitanso?" Miyendo inandithera mphamvu, ndipo pa masitepe pomwepo, pamaso pa anthu osawadziwa, ndinalira kuposa mmene ndinalirira pa maliro a bambo ake.

Madzulo ndinapita kwa mkulu uja. Sanandilowetse m'nyumba, anandiimika pakhonde, n'kundiuza kuti nayenso waberedwa, choncho tingozisiya m'manja mwa Mulungu. Ankanena zimenezi galimoto imene anagula m'miyezi yomweyo itaima pabwalo, mipando yake idakali m'mapulasitiki. Titayamba kukumana ife oberedwa, tinazindikira kuti pa munthu aliyense amene iye ankabweretsa ankalandira gawo lake pompopompo, ndiponso kuti ambiri mwa amene anawabweretsa tinali amayi amasiye ndi anthu opuma ntchito, chifukwa monga woyendetsa maliro ndi woyendera odwala ankadziwa bwino khomo limene mwalowa ndalama. Anyamata a makompyuta aja ndi mbava, koma sankandidziwa ndipo sanadyepo nsima m'nyumba mwanga. Munthu amene anagwira dzanja la mwana wanga kumanda, n'kuwerengera mumtima kuti ndalama za malemu zituluka liti, ndi amene mpaka lero ndimalephera kumuyang'ana, ndipo Lamulungu lililonse amakhalabe pa mpando wakutsogolo atavala jekete, osapepesa ngakhale kamodzi. Kupolisi anatilandira n'kulemba madandaulo athu, koma lisiti lathu linalibe dzina la kampani yolembetsedwa, ndipo ndalama zambiri tinkazitumiza pa manambala a foni a anthu amene sitinawaonepo. Palibe tambala imene inabwerera. Mwana anapita kusukulu mochedwa, achimwene anga atagulitsa chimanga chawo.

Malonda a ndalama zakunja kunalibe. Zimene ndinkalandira zinali ndalama za anthu amene analowa pambuyo panga, ndipo zanga zinalipira amene analowa ine ndisanalowe, mpaka tsiku limene olowa anachepa kuposa ofuna kutapa. Ndi mmenenso inkayendera MMM, bizinesi yachinyengo ya Sergei Mavrodi wa ku Russia, imene inkalonjeza 30 peresenti pa mwezi n'kusiya anthu ambiri a ku Zimbabwe ndi ku South Africa manja ali m'khosi mu 2016. Tengani foni muwerengere nokha: K1 miliyoni ikamabereka 30 peresenti mwezi uliwonse, phindu n'kumabwezeredwa, pakutha pa chaka imapitirira K23 miliyoni. Munthu amene angathedi kuchulukitsa ndalama choncho sangafune K800,000 yanu, chifukwa akanangokongola ku banki n'kudya phindu lonse yekha.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pa mfundo imodzi mkulu uja sananame. K1.5 miliyoni imene inatsala ndinaisiya mu akaunti wamba ya ku banki, ndili ndi mantha oikhudza, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, pamene mu Meyi 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Chiwerengero cha mu akaunti sichinasinthe, koma shuga, feteleza ndi simenti zimene ndalamayo ikanagula zinachepa ndikuona. Choncho sindikukuuzani kuti muzingosunga, ndipo musachedwenso kwambiri kuganiza, chifukwa mwezi uliwonse umene ndalamayo ikukhala osagwira ntchito ikutha mphamvu.

Ngati muli ndi ngongole ya katapila, yambani mwabweza imeneyo, popeza palibe malo ovomerezeka amene angakupatseni phindu loposa chiwongoladzanja chimene wakatapila akukudulani. Kenako patulani ndalama zokwanira lendi, chakudya ndi mankhwala kwa miyezi itatu, muziike pamene mungazitape tsiku lomwelo, ndipo fizi ya ana musaiike pa chilichonse chimene mtengo wake umakwera ndi kutsika. Zotsalazo ndiye muziike m'manja mwa bungwe lokhala ndi chiphaso. M'dziko muno mabanki, makampani a inshuwalansi, a penshoni, ma SACCO ndi ogulitsa masheya amapatsidwa chiphaso ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo kufunsa ku banki yaikuluyo ngati kampani ili yovomerezeka sikulipiritsa.

Ine nditayambiranso ndinayamba ndi ma Treasury bill, kumene kuli kukongoza boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo mukhoza kugula kudzera ku banki yanu. Mu 2024 a masiku 364 ankapereka pafupifupi 26 peresenti pa chaka, osati pa mwezi, msonkho usanadulidwe, pamene kukwera mitengo kwa zinthu kunali kupitirira 30 peresenti kwa miyezi yambiri ya chakacho. Salemeretsa munthu, koma amachepetsa kuwonongeka kwa ndalama, ndipo tsiku lolandira mumalidziwiratu.

Masheya ndi amene angathe kupitirira kukwera mitengo kwa zinthu, koma amafuna munthu wodekha. Msika wake, Malawi Stock Exchange, uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Pali makampani osakwana 20, ambiri mwa iwo mumawadziwa kale, monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, Illovo, TNM, Airtel, Press Corporation ndi Sunbird. Mukagula sheya mumakhala mwini kagawo ka kampaniyo, ndipo ikapanga phindu n'kugwirizana zogawa, gawo lanu limalowa mu akaunti yanu ya ku banki. Simungagule nokha, mumadzera kwa broker wovomerezeka, amene amakutsegulirani akaunti ya masheya mukapereka chitupa cha unzika ndi zikalata zina zimene angakufunseni, ndipo amadula kandalama kake pogula ndi pogulitsa. Airtel inagulitsa masheya ake kwa anthu pa K12.69 iliyonse mu 2020, FDH pa K10 chaka chomwecho, ndipo amene anagula nthawi imeneyo n'kusunga aona mtengo ukuchulukana kangapo. Koma musatengeke ndi zimenezi ngati kuti zidzabwerezeka chaka chilichonse, chifukwa masheya amatsikanso, kampani imatha kukhala chaka osagawa kanthu, ndipo msika wathu ndi waung'ono moti pa makampani ena mukhoza kufuna kugulitsa lero wogula osapezeka. Ikani ndalama zimene simudzazifuna kwa zaka zisanu, muzigawe pa makampani angapo a ntchito zosiyana, osati mabanki okhaokha, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ngati kusankha makampani kukukuvutani, pali ma unit trust monga a Old Mutual, kumene ndalama za anthu ambiri zimasonkhanitsidwa n'kuyendetsedwa ndi akatswiri, koma funsani kaye kuti amadula zingati pa chaka ndiponso kuti mukafuna kutapa zimatenga masiku angati.

Banki m'khonde musaitaye. Ine ndidakali m'gulu limodzi la amayi a m'dera lathu, ndipo ndi limene linandithandiza kubweza ngongole ya matiresi ija, koma ndi amayi amene timadziwana makomo, buku limawerengedwa pamaso pa aliyense, ndipo makiyi a bokosi amasunga anthu osiyana. Ulendo woyamba wopita kwa broker musapitenso nokha, pezani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, amene anagulapo masheya, akuperekezeni kuti zikalata musasaine musanazimvetse, koma ndalama mulipire nokha mu akaunti ya kampaniyo, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Mnzanu wa kuntchitoyo akabweranso n'kukuuzani kuti malo atsala ochepa ndipo mupereke sabata ino, mufunseni dzina lonse la kampaniyo, chiphaso chake cha ku Reserve Bank, ndiponso kuti iye amalandira zingati pa munthu aliyense amene wamubweretsa. Zimene akuyankheni mudzazilembe pagulu pompano tizione tonse musanatulutse ndalama iliyonse.