Kodi Yesu anakhala Mulungu chifukwa cha msonkhano wa ku Nicaea?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa ana Sande sukulu. Akuti akucheza pakhonde atatha kudya, alamu awo anawauza kuti Yesu sanali Mulungu kuyambira kale, koma kuti mfumu ya Aroma ndi mabishopu ndiwo anam'kweza pamsonkhano wa m'chaka cha 325. Alamuwo anatsegulanso Akolose 1:15, pamene Yesu akutchedwa wobadwa woyamba wa chilengedwe chonse, n'kufunsa kuti: wobadwa angakhale bwanji wopanda chiyambi? Mayiwo akuti kukamwa kunangowauma, ndipo akufuna kudziwa ngati zimene amaphunzitsa anawo zili ndi phata.

Mayi, musachite manyazi. Funso la alamu anulo linasautsa mpingo zaka zoposa 50, ndipo ofunsawo sanali mbuli ayi.

Msonkhanowo unachitikadi, mumzinda wa Nicaea, umene lero ukutchedwa Iznik ku Turkey, ndipo anauitanitsa ndi mfumu Constantine. Koma pamenepo panalibe amene ankati Yesu ndi munthu wamba. Mkangano unabuka ku Alexandria, ku Iguputo, kumene wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wamkulu kuposa zolengedwa zonse, koma ndi wolengedwa ndithu, ndipo panali nthawi imene Iye kunalibe. Bishopu wake, Alexander, anakana. Atakumana ku Nicaea, mabishopu awiri okha ndi amene anakana kusaina chikhulupiriro chonena kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa.

Zoti mfumu ndiyo inakakamiza zimenezi sizikugwira mtima. Constantine yemweyo anadzathamangitsa Athanasius, mtetezi wamkulu wa chikhulupirirochi, m'chaka cha 335, ndipo pomwalira mu 337 anabatizidwa ndi bishopu wa mbali ya Arius. Athanasius anachotsedwa pampando wake wa ubishopu ku Alexandria kasanu konse. Nkhaniyi inadzakhazikika pamsonkhano wa ku Constantinople mu 381. Komanso, zaka zoposa 200 msonkhano wa ku Nicaea usanachitike, cha m'ma 112, bwanamkubwa wachiroma Pliny, yemwe sanali Mkhristu n'komwe, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana m'mbandakucha n'kumaimbira Khristu nyimbo ngati mulungu. Chondiseketsa ine n'chakuti chigawo chimene ankalamulira, Bithynia, n'chomwechonso muli Nicaea.

Tsopano tibwere pa mawu aja, kubadwa ndi kulengedwa, poti pagona nkhani ndi pamenepa. Taganizani kalipentala wa pamsika, utuchi uli mbuu m'tsitsi. M'mawa wakhoma mpando, madzulo wanyamula mwana wake pamwendo. Zonse ziwiri zachokera kwa iye, koma mpando ndi thabwa, mwana ndi munthu ngati bambo wake. Chimene wapanga chimakhala cha mtundu wina. Amene wabala amakhala wa mtundu wako. Mbuzi siibala nkhuku. Ndiye ngati Mwana ndi wobadwa mwa Atate, ali chimene Atate ali.

Fanizo limeneli lili ndi polekezera pake, ndivomereze. Kwa ife bambo amayamba kukhalapo, mwana n'kubwera pambuyo. Nchifukwa chake akale aja ankakonda kunena za dzuwa ndi kuwala kwake: kuwala kumachokera ku dzuwa, koma sipanakhalepo tsiku limene dzuwa linalipo lopanda kuwala. Mulungu sanachite kudzakhala Atate tsiku lina. Ngati ndi Atate kuyambira muyaya, Mwananso alipo kuyambira muyaya.

Nanga "wobadwa woyamba"? Kwa Ayuda uchisamba unali udindo, osati kungotsogola kubadwa. Davide anali mzime m'nyumba ya Jese, ankatsala kubusa akuluakulu ake akuonetsedwa kwa Samueli, koma pa Masalimo 89:27 Mulungu akuti adzamuyesa mwana wake woyamba, wokwezeka kuposa mafumu a dziko lapansi. Ndipo alamu anu akanangotsika mzere umodzi, Akolose 1:16 akuti zinthu zonse zinalengedwa mwa Iye. Wolenga zonse sangakhale m'gulu la zonsezo.

Mwina adzakubweretseraninso Yohane 14:28, pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa Iye. Werengani limodzi ndi Afilipi 2:6-8: amene akulankhulayo ndi uja anadzichepetsa n'kutenga maonekedwe a kapolo, ali pafupi kupita pamtanda.

Ine chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mfundo ya Athanasius. Iye sankalimbana chifukwa chokonda mikangano ya mawu, koma chifukwa cha chipulumutso. Cholengedwa, kaya chikule bwanji, moyo wake ndi wochita kupatsidwa, ndiye chingagawire bwanji ena moyo wosatha? Ndipo ngati Yesu ndi cholengedwa, ndiye kuti Tomasi pomutchula Ambuye wake ndi Mulungu wake pa Yohane 20:28 analakwa, Yesunso analakwa posamudzudzula.

Alamu anu akadzabweranso, musakangane nawo pamaso pa ana. Aphikireni tiyi, mutsegule Yohane 8:58, pamene Yesu akunena kuti Abrahamu asanakhalepo Iye alipo, muwerengenso Eksodo 3:14, pamene Mulungu akuuza Mose kuti dzina lake ndi INE NDINE. Kenako muwapemphe awerenge okha Yohane 8:59, akuuzeni chimene anthu aja anatolera miyala.