Harare mpaka Lilongwe pa ndege: ola limodzi kapena tsiku lathunthu?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mayi anga akalamba ndipo akufuna kukaona abale ku Lilongwe, koma basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete sangaithenso chifukwa cha msana. Ena akuti pa ndege ndi ola limodzi lokha, ena akuti ndi tsiku lonse. Zoona ndi ziti?
Bambo wa ku Highfield, Harare

YANKHO: Onsewo akunena zoona, bambo. Nkhani yagona pa tikiti yomwe mugule.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe kukafika pa bwalo la Kamuzu, mtunda wowongoka ndi makilomita pafupifupi 540. Ndege yosatera kwina imatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo. Ya jeti ikakwera m'mwamba imathamanga makilomita cha m'ma 800 pa ola, ya mapulopela ngati Q400 cha m'ma 650, koma pa mtunda waufupi chonchi sizisiyana kwenikweni, popeza nthawi yambiri imathera pokwera ndi potsika.

Vuto ndi loti si tsiku lililonse pamakhala ndege yolunjika. Ina imayamba yatera ku Lusaka, mtunda n'kufika makilomita pafupifupi 1,000, ndiye muwerengere maola atatu kapena kuposerapo. Yodzera ku Johannesburg ndiyo yotopetsa: muyamba mwalowera kumwera makilomita 960, kenako n'kubwerera kumpoto ena pafupifupi 1,500. M'mwamba mokha ndi maola anayi, osawerengera odikira pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburgko. Apa ndi pomwe tsiku limathera. Kwa mayi okalamba, ndi bwino kusintha tsiku la ulendo kuti mupeze yolunjika, ngakhale itakwererako mtengo.

Pogula, musangoona mtengo. Onani nthawi yonyamuka ndi yofika, ndipo funsani kuti ndegeyo itera kangati. Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, choncho maola olembedwawo ndi omwewo, palibe zosintha wotchi. Ngati kusintha ndege sikungapeweke, ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Matikiti awiri osiyana ndi msampha: ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri siidikira, tikiti yake imapita padera, ndipo katundu amafunika kumutenga n'kumulembetsanso pakatipo.

Onjezeraninso nthawi ya pansi. Bwalo la ku Harare lili makilomita pafupifupi 15 kuchokera m'tauni, ndipo mukafikeko kutatsala maola awiri kapena atatu, chifukwa olembetsa katundu amatseka ndege ikatsala pafupifupi ola limodzi kuti inyamuke. Bwalo la Kamuzu lili cha ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, ndiye abale akhale atafika kale ndi galimoto. Kuchoka pakhomo kukafika pakhomo, ngakhale pa ndege yolunjika, ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ya mabingu imakonda kugwa masana n'kuchedwetsa ndege, choncho ya m'mawa ikapezeka tengani imeneyo.

Chonde pemphani njinga ya olumala pogula tikiti pomwepo, kapena kutatsala maola osachepera 48. Pabwalo pamayendedwa kwambiri, ndipo wantchito adzawakankha mayi mpaka pa ndege. Mankhwala awo ndi pasipoti zikhale m'chikwama cha m'manja, ndipo onetsetsani kuti pasipotiyo yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe.