Makasitomala anga sakulipira ngongole ya nkhuku ndi mazira: ndichite chiyani?

Mayi ena amene amaweta nkhuku ku Lilongwe anditumizira imelo. Iwo amapereka nkhuku ndi mazira kumalesitanti awiri ndi kuloji ina, ndipo onsewa amatenga katundu pangongole n'kulonjeza kulipira kumapeto kwa mwezi. Tsopano papita miyezi itatu ndalama zikubwera pang'onopang'ono, ndipo akapita kukafunsa amauzidwa kuti "bwana atuluka" kapena "a akaunti sanasayine". Mwini wa lesitanti imodzi amapemphera nawo mpingo umodzi. Mayiwa akuopa kuti akaumirira, makasitomala apita kwa mlimi wina, choncho akufunsa ngati apirire, asiye kupereka katundu, kapena apite kupolisi.

Mayi, chinthu choyamba chimene ndikufuna muone bwino n'chakuti anthu atatuwa akuyendetsa mabizinesi awo ndi mpamba wanu. Inu mumagula anapiye, chakudya ndi katemera ndi ndalama zapamanja, mumadyetsa nkhuku zanyama pafupifupi masabata 6, kenaka lesitanti imakazinga nkhukuyo n'kulandira ndalama kwa odya tsiku lomwelo, koma inu imakuuzani kuti mudikire. Eni akewo akanapita kubanki kukakongola ndalama zomwezo, akanalipira chiwongoladzanja chachikulu, popeza mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Kwa inu akukongola kwaulere. Komanso ndalama imene yachedwa siibwera ndi mphamvu imene inali nayo. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense amene anali ndi ndalama zake m'manja mwa anthu nthawi imeneyo analandira ndalama zosakwanira kugula matumba a chakudya amene akanagula poyamba.

Chifukwa chake yankho langa pa funso la kupirira ndi lakuti ayi. Imitsani katundu wa pangongole kwa aliyense amene wapitirira tsiku limene munagwirizana, ndipo muwauze mwaulemu kuti kuyambira lero nkhuku ndi mazira muziperekabe, koma azilipira pompopompo kufikira ngongole yakale itatha. Ndikumvetsa mantha anu oti athawira kwa wina, koma kasitomala amene amatenga osalipira akachoka, chimene mwataya ndi ntchito yodyetsa nkhuku kwaulere. Malo aakulu ngati loji amakopa chifukwa cha oda yaikulu, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: ndi bwino kugulitsa mathireyi 10 kwa munthu wa golosale wolipira pomwepo kusiyana ndi mathireyi 50 kumalo kumene ndalama yake simudziwa idzabwera liti.

Musanapite kwa aliyense, khalani pansi ndi kope lanu. Lembani dzina la kasitomala, tsiku lililonse limene munapereka katundu, kuchuluka kwake, mtengo, zimene analipirako ndi zimene zatsala. Sonkhanitsani ma delivery note (mapepala osonyeza kuti katundu analandiridwa) osayinidwa, mainvoisi, LPO (kalata yawo yoitanitsira katundu) ngati anakupatsani, mauthenga a pa WhatsApp pamene ankaitanitsa katundu, ndi mauthenga a Airtel Money, TNM Mpamba kapena a kubanki osonyeza zimene analipira. Pano mpamene alimi ambiri amagwera, chifukwa nkhuku zimasiyidwa kukhitchini kwa wophika amene sanasayine paliponse, ndipo pakapita miyezi wophikayo wasiya ntchito, mwini malo akuti sakudziwa kuti panabwera nkhuku zingati. Ngati mapepala anu ali operewera, konzani sitetimenti ya tsamba limodzi, mupite nayo kwa mwini malo, muwerengere limodzi, ndipo pansi pake alembe kuti akuvomera ngongoleyo, asayine n'kuika deti. Pepala limeneli ndi lofunika kwambiri kuposa malonjezo onse a pakamwa, chifukwa likakhalapo nkhani yotsutsana za kuchuluka kwa ndalama yatha.

Ku loji, fufuzani kuti wolipira weniweni ndani. Kawirikawiri woitanitsa katundu ndi wina, wovomereza invoisi ndi wina, ndipo wotulutsa ndalama ndi winanso, moti mukhoza kutha miyezi mukudandaulira munthu wa pakauntala amene alibe mphamvu iliyonse. Funsani ngati invoisi yanu inafikadi ku ofesi ya akaunti, ngati pali chosoweka, ndiponso tsiku limene iwo amalipira operekera katundu. Musavomere yankho lakuti "posachedwapa". Pemphani deti ndi kuchuluka kwa ndalama, mukatuluka tumizani uthenga wobwereza zimene mwagwirizana, ndipo tsikulo likafika imbani m'mawa. Amene amalipidwa msanga ndi amene amafunsa mosalekeza komanso mwaulemu, pamene wofatsa amaikidwa pansi pa mulu wa mainvoisi.

Za mnzanu wa kumpingo ndikudziwa kuti ndi zimene zikukulemerani kwambiri. Musakambe nkhaniyi pakhomo la tchalitchi Lamulungu anthu akumva, ndipo musayambe ndi kukawaneneza kwa abusa. Pitani kulesitanti kwawo pakati pa sabata, muwaonetse sitetimenti, ndipo ngati akunena zoona kuti bizinesi yawavuta, gwirizanani kuti azilipira pang'onopang'ono sabata iliyonse, koma zilembedwe. Ndalama yaing'ono yobwera Lachisanu lililonse imathandiza kugula chakudya cha nkhuku kuposa lonjezo la ndalama yonse mwezi wamawa. Akaswa mgwirizano umenewu, mpamene mungapemphe munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza kuti akhale mboni ndi mkhalapakati.

Kupolisi sikumene mungapeze thandizo, chifukwa kulephera kubweza ngongole ya malonda si mlandu wa upandu, pokhapokha ngati munthu anakupusitsani mwadala potenga katunduyo. Musatengenso mipando, firiji kapena mapoto awo mwa mphamvu, ngakhale akhale kuti akulakwirani chotani, popeza mlandu ukhoza kutembenukira inu. Chimodzimodzi kuika dzina ndi chithunzi chawo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp: akhoza kukusumirani kuti mwawaipitsira mbiri, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuvutitsa munthu kudzera pa intaneti.

Njira yoyenera ndi kalata yochenjeza, yonena ndalama zonse, masiku 14 oti alipire, ndi kuti akapanda kutero mupita kukhoti. Muipereke pamanja ndipo asayine pa kope la kalatayo limene mutsale nalo. Ambiri amalipira akangoona kalata yotere. Ikapanda kuthandiza, pitani kubwalo la majisitireti, kumene munthu akhoza kusuma yekha popanda loya, ndipo kalaliki wa khoti adzakuuzani ngati ndalama zanu zikukwanira bwalo limenelo komanso ndalama zolipira potsegula mlandu. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira pa ngongole yotere, koma musadalire zimenezo, chifukwa lesitanti ikhoza kutsekedwa chaka chino mwini wake n'kusamuka. Mukawina mlandu iwo n'kukanabe kulipira, khoti limatha kutuma a sherifu kukalanda katundu wawo n'kumugulitsa.

Kwa makasitomala atsopano, ayambe ndi kulipira pompopompo kwa miyezi ingapo, ndipo mufunse alimi anzanu ngati malowo amalipira bwino. Mukayamba kuwakongoza, ikani malire a ndalama amene sangapitirire, ndipo pa mazira ndi nkhuku masiku 7 kapena 14 ndi okwanira, chifukwa katundu ameneyu amagulitsidwa msanga. Masiku olipira alembedwe pa invoisi iliyonse, ndipo wolandira katundu asayine dzina lake lonse nthawi iliyonse imene mwatsitsa mathireyi.